Wanena Ndani? Funso Loyamba Pofufuza pa Intaneti



Pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere, ndipo lero ndati ndiitulutse. Ana athu aphunzira kufunsa foni, koma sanaphunzire kukayikira yankho. Mwana ukamupatsa ntchito yoti akafufuze, amabwereka foni ya mlongo wake, n'kulemba funso pa Google, n'kukopera zimene zatuluka pamwamba penipeni, basi kafukufuku wathera pomwepo. Ukamufunsa kuti, "Zimenezi wazitenga kuti?" amayankha molimba mtima kuti, "Pa intaneti, Sala." Yankho limeneli silisiyana ndi kunena kuti ndazimva mumsewu. Intaneti si munthu woti angaime pabwalo n'kuchitira umboni. Intaneti ndi msika, ngati wa pa Chitakale kapena wa ku Limbuli. Muli ogulitsa achilungamo, mulinso ena oika tomato wabwino pamwamba, woola pansi. Mayi wodziwa kugula amatembenuza mulu asanatulutse ndalama.

Maganizo anga ndi akuti kufufuza ndi luso loyenera kuphunzitsidwa m'kalasi, monga momwe timaphunzitsira kuwerenga mapu kapena kutsegula dikishonale. Ndipo ntchitoyi si ya mphunzitsi wa kompyuta yekha ayi. Ndi yathu tonse, wa Jogalafe, wa Mbiri, wa Zaulimi, ngakhale wa Chichewa.

Tiyambe ndi phiri lathu lomweli

Mukalemba dzina la Mulanje pa Google, simuchedwa kukumana ndi masamba okopa alendo onena kuti J.R.R. Tolkien, Mngelezi amene analemba buku lotchuka la The Lord of the Rings, anafikapo pa phiri la Mulanje, ndipo kuti n'kumene anatenga maganizo a dziko la m'buku lakelo. Ena amathirapo mchere kuti dera la m'bukumo lotchedwa Shire analitcha potengera mtsinje wathu wa Shire. Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo munthu wa ku Mulanje aliyense angafune kuti ikhale yoona. Koma amene analemba mbiri ya moyo wa Tolkien amatiuza kuti iye anabadwira ku Bloemfontein, ku South Africa, mu 1892, anachokako mu 1895 ali ndi zaka zitatu, ndipo sanapondenso mu Africa. Mawu oti shire ndi Chingelezi chakale chotanthauza chigawo cha dziko, n'chifukwa chake kwawoko kuli Yorkshire ndi Lancashire. Ngakhale katchulidwe kake n'kosiyana ndi ka mtsinje wathu.

Nanga bwanji masamba ambirimbiri akunena zofanana? Chifukwa akukoperana. Apa ndi pamene ana athu amagwera. Amaganiza kuti masamba khumi onena chinthu chimodzi ndi mboni khumi, pomwe nthawi zambiri ndi munthu mmodzi amene anayambitsa, ndi anzake asanu ndi anayi amene anangomutsanzira. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chitsanzo china ndi mawu oti Mulanje ndi phiri lalitali kuposa onse pakati pa Africa. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno palibe pomuposa. Koma phiri la Karisimbi, m'malire a Rwanda ndi Congo, limapitirira mamita 4,500, ndipo mapiri a Rwenzori amapitirira 5,000. Mawu aja amakhala oona pokhapokha ngati "pakati pa Africa" tikutanthauza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, monga ankanenera m'nthawi ya atsamunda. Mwana amene wangokopera chiganizocho osadziwa zimenezi wanyamula katundu amene sakumudziwa kulemera kwake.

Ndiye ine ndimapempha mafunso atatu okha pa chilichonse chimene mwana wapeza: wanena ndani, wanena liti, ndipo wadziwa bwanji?

Wanena ndani?

Nkhani iliyonse ili ndi mwini wake. Mbuzi ikasowa m'mudzi sitifunsa mlendo wodutsa, timafunsa mbusa. Chimodzimodzi pa intaneti. Musanalembe chilichonse pa foni, khalani kaye pansi n'kudzifunsa kuti, kodi ndani amene ntchito yake ndi kudziwa chinthu chimenechi?

Ngati ndi chiwerengero cha anthu, mwini wake ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, ndipo 684,107 mwa iwo anali m'boma la Mulanje. Ngati ndi za mayeso, mwini wake ndi MANEB, osati gulu la pa WhatsApp. Za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi za DoDMA. Za mphamvu ya kwacha ndi za Reserve Bank. Malamulo a dziko ndi zigamulo za makhothi zimapezeka pa MalawiLII. Za tiyi tili ndi mwayi waukulu, pakuti Tea Research Foundation of Central Africa ili pa Mimosa pompano. Za nkhalango ya m'phiri kuli a dipatimenti ya zankhalango ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust.

Mukadziwa mwini nkhani, Google mumaituma ngati mwana, osati kuipempha ngati mfumu. Pali timawu tochepa tothandiza kuituma. Mukalemba funso lanu n'kuwonjezera site:nsomalawi.mw, ikubweretserani za pa tsamba la ofesi ya kalembera zokha. Mukawonjezera site:gov.mw mulandira za boma, ndipo site:ac.mw ikupatsani za m'masukulu a ukachenjede a kuno kwathu. Mukawonjezera filetype:pdf mupeza malipoti enieni, okhala ndi dzina la wolemba ndi chaka, m'malo mwa timasamba ta malonda. Mukaika mawu pakati pa zizindikiro za mawu olankhulidwa, monga "Mulanje cedar", ifufuza mawuwo ali pamodzi momwemo. Zimenezi mwana wa Fomu 1 akhoza kuzigwira m'phunziro limodzi.

Dziwaninso kuti zimene zakhala pamwamba sizinakhale pamenepo chifukwa choti ndi zoona kuposa zinzake. Zina eni ake analipira, ndipo pambali pake pamalembedwa timawu ting'onoting'ono tosonyeza kuti ndi malonda. Zina zakwera chifukwa anthu ambiri amazitsegula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wanena liti?

Funso ili ndi limene timaliiwala kwambiri, ngakhale ife aphunzitsi. Pa intaneti palibe chimene chimachita dzimbiri. Tsamba la zaka makumi awiri zapitazo limaoneka lowala ngati la dzulo.

Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, ndi zimene anachita ku Muloza, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe. Mwana amene akufufuza kuti anafa anthu angati apeza manambala osiyanasiyana. Nkhani za pa 14 Malichi zinkati 190. Pofika pa 16 Malichi zinkati 326. Kenaka chiwerengero chinapitirira 600, osawerengera ena oposa 500 amene sanapezeke, ndipo patapita masabata Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, ananena kuti omwalira aposa 1,000. Palibe amene ananama pamenepa. Aliyense ankanena zimene zinkadziwika pa tsiku limenelo. Koma mwana amene walemba 190 lero, chifukwa ndi nambala imene inatuluka pamwamba, wafafaniza mazanamazana a abale athu popanda kudziwa.

Boma lathu lomweli lasinthaponso malire. Phalombe inali mbali ya Mulanje mpaka 1998. Choncho lipoti lililonse lakale lonena za anthu, minda kapena masukulu a "Mulanje" likuwerengera pamodzi ndi Phalombe. Mukayerekeza nambala yoteroyo ndi ya 2018 osadziwa zimenezi, mutuluka ndi mfundo yopotoka, ngakhale masamu anu atakhala olondola.

Za mkungudza n'chimodzimodzi. Mtengowu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo masamba akale amafotokoza nkhalango zake za pamwamba pa phiri ngati kuti zikadalipo. Koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Yotsalayo inapita ndi macheka ndi moto, ndipo imene ilipo tsopano yambiri ndi yochita kubzala. Komanso tsamba lililonse lolembedwa chisanafike chaka cha 2025 silingakuuzeni kuti mu Julayi chaka chimenecho bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Tsabola wakale sawawa. Yang'anani tsiku musanayang'ane china chilichonse, ndipo tsamba lopanda tsiku ndi dzina la wolemba mulitenge ngati kalata yopanda siginecha.

Wadziwa bwanji?

Munthu akhoza kukhala ndi dzina lodziwika, n'kulemba dzulo lomweli, koma osadziwa chimene akunena. Ndiye funsani: kodi anawerenga yekha, anayeza, anaona ndi maso, kapena anangomva? Wolemba wachilungamo amakuonetsani kumene watenga, kuti mukafuna mukadzionere nokha. Funsaninso chimene akupindula mukamukhulupirira. Wogulitsa mankhwala azitsamba sangakuuzeni kuti mankhwala ake sachiza shuga, ndipo wokopa alendo sangataye nkhani ya Tolkien.

Pano ndinenepo za Wikipedia, chifukwa anzanga ena amailetseratu. Ine sindiiletsa. Ndi zoona kuti aliyense akhoza kulembamo kapena kusintha, koma ndi khomo labwino lolowera. Vuto ndi kugona pakhomo. Uzani ana atsike mpaka pansi pa nkhaniyo, pamene pali mndandanda wa kumene mfundozo zachokera, atsegule ziwiri kapena zitatu, aone ngati zikunenadi zimenezo. Kwa inu amene muli ku koleji, Google Scholar imafufuza zolemba za akatswiri zokha, ndipo African Journals Online imasonkhanitsa magazini a kafukufuku a mu Africa muno, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Za mbiri ya dziko lathu zambiri zili mu Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal.

Dzina limene mwaitanira

Chinthu china chimene sitiwauza ana n'chakuti makina amayankha dzina limene mwaitanira. Atsamunda sankalemba Mulanje, ankalemba Mlanje. Thyolo ankalemba Cholo, ndipo dziko linali Nyasaland. Mwana wofufuza mbiri ya tiyi akalemba "Mulanje" yekha apeza malonda a malo ogona alendo. Akalemba "Mlanje" ndi "Nyasaland" ayamba kukumana ndi zolemba zakale zonena za Henry Brown, amene anabzala tiyi ku Lauderdale mu 1891. Wofufuza za mkungudza akalemba dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, atsegula chitseko cha akatswiri a zomera, ndipo adziwanso kuti dzinalo linachokera kwa Alexander Whyte, amene anatola zitsanzo za mtengowu m'phirimu.

Tivomerezenso chinthu chowawa: zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa, ndipo za m'Chilhomwe n'zochepetsetsa. Mwana amene Chingelezi chimamuvuta amayamba mpikisanowu ali kumbuyo. N'chifukwa chake tisanawatume, tiziyamba takhala nawo pa bolodi n'kusankha limodzi mawu atatu kapena anayi ofunika, m'malo mowasiya alembe chiganizo chonse cha funso monga tawapatsira.

Za makina oyankha ngati munthu

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, nkhaniyi yakula. Tsopano ngakhale mu WhatsApp momwemo muli Meta AI yodikira funso. Makinawa amayankha mwaulemu, m'ziganizo zosalala, mosadodoma ngakhale pang'ono. Koma kusadodoma si kudziwa. Iwo amalumikiza mawu potengera zimene anawerengapo, ndipo pamene sanawerengepo zokwanira amatha kungopeka, mpaka mayina a mabuku ndi a olemba amene sanakhaleko. Mu 2023, khothi la ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa chopereka kwa woweruza milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Ngati maloya a ku America anagwa m'mbuna imeneyi, nanga mwana wa Fomu 3?

Ndipo ife ndi amene tili pangozi yaikulu, chifukwa za London zinalembedwa zambiri, pomwe za Nkando, za Chambe kapena za mfumu Mabuka zinalembedwa zochepa. Pamene zolemba zachepa m'pamene kupeka kumachuluka. Sindikuti tiwathawe makinawa. Akhoza kukuthandizani kumvetsa ndime yovuta kapena kukupatsani mawu ofufuzira. Koma nambala, tsiku, dzina kapena buku lililonse limene akupatsani, kalipezeni kwa mwini wake musanalilembe.

Si nkhani ya malikisi okha

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono ya homuweki. Anthu a ku Mulanje sitiyenera kulankhula choncho. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa inayenda m'boma lino ndi m'maboma oyandikana nafe. Anthu ankagona panja, misewu inatsekedwa ndi magulu a achinyamata, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Panalibe amene anabweretsa umboni wogwirika. Aliyense anamva kwa wina amene anamvanso kwa wina. Ambiri mwa amene ananyamula miyala ndi zibonga anadutsapo m'kalasi ya mphunzitsi wina wake. Funso loti "wanena ndani, wadziwa bwanji" likanakhala chizolowezi chawo kuyambira kusukulu, mwina ena mwa omwalirawo bwenzi ali moyo.

Mwana amene wazolowera kumeza chilichonse chotuluka pa foni akadzakula adzameza uthenga woti katemera ndi chiphe, adzatumiza ndalama kwa munthu womulonjeza ntchito ku Joni kapena sikolashipu yakunja, adzafalitsa chithunzi cha dziko lina n'kumati ndi pa Boma. Chizolowezi chake n'chimodzi chomwecho.

Zimene anzanga amandiyankha

Ndikalankhula zimenezi, anzanga amandiyankha zinthu zomveka, ndipo sindizipeputsa. Amati masukulu ambiri, makamaka ma CDSS, alibe makompyuta, ena alibe ndi magetsi omwe. Amati mafoni ndi oletsedwa pasukulu. Amati bandulo ndi yodula, ndipo silabasi ndi yaitali moti nthawi yoonjezera phunziro lina palibe.

Zonsezo n'zoona. Koma mafunso atatu aja safuna magetsi. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi foni akhoza kulemba pa bolodi ndime ziwiri zonena manambala osiyana pa nkhani imodzi, ndi masiku ake, n'kufunsa kalasi kuti tikhulupirire iti ndipo chifukwa chiyani. Nyuzipepala yakale ikhoza kugwira ntchito yomweyo. Mphindi khumi zokha, m'kati mwa phunziro limene mukuphunzitsa kale. Kuletsa foni pasukulu sikuletsa mwana kuigwira madzulo kunyumba, kumangotanthauza kuti aigwira popanda womulangiza. Za bandulo, wodziwa kufufuza ndi amene amaisunga, chifukwa amalunjika kwa mwini nkhani m'malo motsegula masamba makumi awiri odzaza zithunzi ndi malonda.

Ena amaopa kuti tikaphunzitsa ana kukayikira, adzakayikira chilichonse, mpaka buku ndi mphunzitsi yemwe. Nkhawa imeneyi ndimaimva. Munthu wokana chilichonse ndi wosokera mofanana ndi wovomera chilichonse, ndipo onse awiri ndi aulesi, chifukwa palibe amene wadzuka kukaona. Chimene tikuphunzitsa si kukana ayi, koma kuyeza. Nambala ya kalembera ndi yodalirika kuposa ya pa Facebook chifukwa anthu anayenda khomo ndi khomo kuwerenga, ndipo analemba mmene anawerengera. Mwana akamvetsa chifukwa chimenechi, wayamba kukhulupirira mwanzeru. Ndipo akatifunsa ifeyo kuti tadziwa bwanji, tisakwiye. Ndi chizindikiro choti phunziro lalowa.

Si zonse zili pa foni

Pomaliza, tisawapatse ana chithunzi choti chimene Google sikuchidziwa ndiye kuti kulibe. Agogo amene anathyola tiyi zaka makumi anayi akudziwa za moyo wa m'maesiteti zimene palibe tsamba linalemba. Wofuna kudziwa za miyambo ya Alhomwe aphunzira zambiri pokhala pansi ndi akuluakulu, kapena popita pa Chonde nthawi ya Mulhako, kusiyana ndi kukanda foni usiku wonse. Ku khonsolo ya boma kumakhala buku lofotokoza za chuma ndi umoyo wa anthu a m'bomalo. Ku Zomba kuli National Archives. Ndipo kuyambira pa 30 Seputembala 2020, lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Safunsa anadya phula. Koma agogonso tiziwafunsa mwaulemu ngati anaona okha kapena anamva, ndiponso kuti chinali chaka chiti.

Pempho langa kwa inu aphunzitsi anzanga ndi laling'ono. Teremu ino, ntchito iliyonse yofufuza imene mupereke, uzani ana alembe pansi pake mizere itatu: amene ananena, chaka chimene ananena, ndi chifukwa chimene akumukhulupirira. Mizere imeneyo muipatse malikisi, chifukwa ana amalemekeza chimene chili ndi malikisi. Wolemba kuti "Google" kapena "intaneti" mubwezereni kope lake akayambirenso. Masabata oyamba adzadandaula, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu ana anga akale, kaya muli ku koleji, kuchipatala, kupolisi, pamsika kapena kunja kwa dziko: uthenga ukafika pa foni yanu, chala chisathamangire kutumiza. Funsani kaye mafunso atatu aja. Ndipo mng'ono wanu akabwereka foni kuti achite homuweki, musangomupatsa n'kutembenuka. Khalani naye mphindi zisanu, mumufunse kuti amene walemba zimenezo ndani.